Ndemanga: flashi ya mitu iwiri ya 64 GB yosamutsira zithunzi

Flashi imene ndikunenayi ndi ija yokhala ndi mitu iwiri, wina wa USB-C wolowa m'foni, wina waukulu wolowa pakompyuta. Papaketi amalemba kuti OTG, kutanthauza kuti imalowa m'foni mwachindunji, foniyo n'kumaiwerenga. Ndaigwiritsa ntchito kuno ku Dedza posamutsa zithunzi za zinkhoswe ndi maukwati kuchoka m'mafoni kupita palaputopu, ndipo ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5.

Chimene ndaikondera n'chakuti siifuna bandulo kapena netiweki, komanso chithunzi chimafika monga chinajambulidwira. Ambiri timatumizirana pa WhatsApp, koma kumeneko chithunzi chimafinyidwa, cha 4 MB n'kufika chosakwana ngakhale 1 MB. Pafoni chimaoneka bwinobwino. Kukachitsukitsa chachikulu chopachika pakhoma, nkhope zimatuluka zosaoneka bwino. Mukachitumiza ngati Document sichifinyidwa, koma zithunzi 500 za ukwati zingakutherereni bandulo yonse.

Musanagule, yang'anani potchajira foni yanu. Mafoni akale ndi ena otsika mtengo ali ndi micro-USB, ndipo mutu wa USB-C sungalowe. Mukailowetsa foni n'kukhala chete, musafulumire kunena kuti yafa. Mafoni ena amafuna muyambe mwayatsa OTG mu Settings, ndipo ena amaizimitsa okha pakatha mphindi 10 isakugwira ntchito. Nthawi zina vuto limangokhala kava yokhuthala imene ikuletsa mutu kulowa wonse.

Kasamutsidwe kake n'kosavuta. Tsegulani pulogalamu ya mafayilo, lowani mu DCIM, kenako Camera. Zithunzi zobwera pa WhatsApp sizikhala mmenemo. Kuyambira Android 11 zimakhala mu Android, media, com.whatsapp. Muflashi pangani foda yoyamba ndi deti, monga 2024-08-17 chinkhoswe, kuti mafoda azisanjikana okha motsatira nthawi. Ndiyeno sankhani Copy, osati Move. Apa ndi pamene anthu amatayira zithunzi. Move imafufuta m'foni ikamasamutsa, ndiye flashi ikagwedezeka kapena batire ikatha zili pakati, mumatsala osadziwa kuti chafika ndi chiti, chawonongeka ndi chiti. Mukamaliza, yerekezerani chiwerengero cha mafayilo mbali zonse ziwiri, tsegulani zithunzi zingapo zoyambirira ndi zomalizira, kenako dinani Eject musanazule. Zam'foni mufufute pambuyo poti zafika palaputopu.

Liwiro lake si lija lolembedwa papaketi. Mafoni ambiri amayendera USB 2.0, mtundu wakale wochedwerapo, choncho zithunzi 1,000, zomwe ndi pafupifupi 4 GB, zimatenga mphindi zingapo. Flashi imadya moto wa foni, ndipo popeza yatseka potchajira, simungatchaje nthawi yomweyo. Yambani batire ili pamwamba pa theka. Imatenthanso ikagwira ntchito nthawi yaitali, koma sinasiyepo ntchito pa chifukwa chimenechi.

Mukaona ikusonyeza 59 GB m'malo mwa 64, sanakubereni. Opanga amawerengera ndi 1,000 pomwe kompyuta imawerengera ndi 1,024. Chachinyengo chenicheni ndi flashi yabodza, yolembedwa 64 GB koma mkati muli 8 GB yokha. Yotereyi imalandira mafayilo onse popanda kudandaula, mayina n'kumaoneka, koma zithunzi zopitirira malo ake enieni sizitseguka. Choncho tsiku loyamba lomwelo iyeseni ndi pulogalamu ya H2testw pa Windows, kapena idzazeni ndi mavidiyo n'kutsegula omalizira. Risiti musataye mpaka mutayesa.

Ojambula mavidiyo aatali, monga a Umhlangano ku Ntcheu kapena kwaya ya kutchalitchi, adziwe kuti flashi ikakhala pa FAT32, kafomatidwe kakale kosungira mafayilo, imakana fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale malo alipo ambiri. Ifomateni kukhala exFAT, yomwe ilibe malire amenewa, idakali yopanda kanthu, chifukwa kufomata kumafufuta zonse, ndipo yesani ngati foni yanu ikuiwerenga. A iPhone 15 ndi zotsatira zake, zomwe zili ndi USB-C, angaigwiritsenso ntchito, kungoti zithunzi zawo zimasungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa HEIC ndipo makompyuta ena akale sazitsegula. Kusankha Most Compatible pa Formats ya kamera kumapangitsa kuti zatsopano zizijambulidwa ngati JPEG.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kapangidwe kake. Ndi kakang'ono kwambiri, kosavuta kutayika, ndipo mutu umodzi umakhala pamtunda nthawi zonse. Fumbi la mwezi wa Okutobala likalowamo, foni imayamba kuiona ndi kuitaya. Imafunika kachikwama kakekake.

Chenjeraninso ndi makompyuta a kotsukitsa zithunzi, omwe amalandira maflashi a anthu ambiri patsiku. Pali vayirasi imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Zikatero musafomate ndipo musadine ma shortcutwo; zithunzi zimakhala zilipo, zangobisika, ndipo zimaoneka mukachotsa vayirasiyo n'kuyatsa zoonetsa mafayilo obisika. N'chifukwa chake flashiyi isakhale malo okhawo osungirako zithunzi za banja. Zikhalenso palaputopu kapena pa Google Photos, komwe akaunti iliyonse ili ndi 15 GB yaulere yogawana ndi Gmail ndi Drive, ndipo kotsukitsa muzipita ndi zokhazo zimene mukufuna kutsukitsa tsiku limenelo.