Pampu ya magiya, ya vane kapena ya mapisitoni: iti ingakupirireni?

Tigwirizane kaye pa mfundo imodzi, anzanga: pampu ya haidiroliki (ya makina oyendera mphamvu ya oyilo) simapanga puresha, imangokankha oyilo. Puresha imabadwa oyiloyo akakumana ndi chomutchinga, monga katundu wolemera pa silinda. Choncho geji ikatsika musathamangire sipanala, chifukwa nthawi zina oyilo akungobwerera mu thanki kudzera pa relief valve (vavu yopungula puresha ikapyola muyezo) yomwe yakanirira chotsegula.

Pampu ya magiya siifuna zambiri. Magiya awiri amazungulira atalumana, mano ake n'kumanyamula oyilo m'mbali kuchoka polowera kupita potulukira. Zambiri zimagwira ntchito pa puresha ya 200 mpaka 250 bar, n'zotchipa, ndipo zimapirira oyilo wazinyalala kuposa zinzake. Kuipa kwake, imalongolola, komanso imatulutsa oyilo wofanana pa kuzungulira kulikonse, mufune musafune. Wotsalayo amadutsa pa relief valve n'kutenthetsa makina onse. Ikamatha siibisa: m'mawa makina amanyamula bwinobwino, masana oyilo akatentha n'kukhala wamadzimadzi, mphamvu zii, chifukwa akuzemba m'mipata ya mano ndi mbale za m'mbali.

Ya vane, yomwe Harry Vickers anaikonza bwino m'zaka za m'ma 1920, ndi yofatsa pakamwa. Tizitsulo tathyathyathya, ma vane amenewo, timatuluka m'timipata ta rotor, chitsulo chozungulira cha pakati, n'kumakhula m'kati mwa mphete. Ndimaikonda pa chifukwa chimodzi: zambiri mumangosolola cartridge yakutha (phukusi la rotor, tizitsulo ndi mphete) n'kulowetsa yatsopano, pampu osaichotsa pamalo pake. Koma ikamazungulira pang'onopang'ono kwambiri, kapena oyilo akakhala wozizira ndi wolimba, tizitsuloto timakana kutuluka, pampu n'kumangozungulira osakoka kanthu.

Ya mapisitoni ndiye bwana wa zonse, ndipo imadziwa kuti ndi bwana. Mu zambiri, mapisitoni 7 kapena 9 amatsamira pa mbale yopendekeka, swash plate. Mbaleyo ikapendekeka kwambiri oyilo amatuluka wambiri, ikaongoka amatsala pang'ono kusiyiratu. N'chifukwa chake siiwononga mphamvu, ndipo imafika 350 bar, zina kupitirira 400. Koma mipata yake ndi yaing'ono kuposa tsitsi la munthu, kachitsotso komwe ya magiya ingameze osatsamwa, iyi kamaikanda. Mukaimanga yatsopano dzazani kaye oyilo m'thupi mwake musanalize injini, apo ayi mwaipha tsiku lomwelo. Ubwino wake, ili ndi poiyezera: yang'anani oyilo wotuluka pa case drain, paipi yobwezera ku thanki oyilo wodonthera m'thupi mwa pampu. Akachuluka kuposa zomwe buku la pampuyo likunena, n'kumabwera wotentha, zam'kati zadyeka.

Pali matenda awiri omwe sasankha mtundu. Ine ndinasinthapo pampu ya mapisitoni yomwe inkalira ngati muli timiyala. Yatsopano itangolira, phokoso lomwe lija. Titakhuthula thanki tinapeza kansanza kakuda katamata sefa ya polowera, komwe wina anaiwala popukuta. Pampu inkafa ndi njala ya oyilo, kukoka kopanda kanthu kuja n'kupanga timathovu tomwe timaphulika pa chitsulo ndi kuchiboola ngati chafumbwa. Imeneyo ndiye cavitation. Inzake ndi mpweya wolowera pa kilampu yomasuka kapena pa silo (mphira wotsekera) ya shafiti. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: suzumirani mu thanki, mukaona thovu ndiye kuti ndi mpweya. Thirani oyilo pa mfundo za paipi yokokera imodziimodzi, pomwe phokoso lasintha ndi pomwe pakuyamwa. Oyilo akaoneka ngati mkaka, mwalowa madzi. Akatentha kudutsa madigiri 82 Celsius, masilo amayamba kuuma ndi kung'aluka.

Ndiye mugule iti? Ngati makina anu amakhalira m'fumbi ndipo fyuluta mumaikumbukira kamodzi pa chaka, tengani ya magiya, idzakukhululukirani. Ya vane ndi ya m'nyumba momwe phokoso silifunika. Ya mapisitoni mugule pokhapokha ntchito ikufunadi puresha yaikulu kapena liwiro losinthasintha, ndipo pa bajeti yomweyo muikepo mafyuluta.