GCC, kompaila ya satifiketi kapena CompCert: tidalire iti pa ntchito yokhudza moyo wa anthu?

Ife olemba mapulogalamu a C oyendetsa mabuleki a galimoto kapena makina a m'chipatala tili ndi vuto limene silitha ngakhale titawerenga khodi yathu kakhumi: kompaila, pulogalamu imene imamasulira khodi yathu kukhala malangizo a purosesa, ikhoza kulandira mzere wolondola n'kutulutsa malangizo olakwika, popanda chenjezo lililonse.

Makompaila a GCC ndi Clang ndi aulere, amatulutsa khodi yothamanga, ndipo anthu ambiri amawagwiritsa ntchito. Komabe mu 2011 gulu la John Regehr ku University of Utah linalengeza kuti Csmith, chida chimene chimapeka mapulogalamu a C mwachisawawa n'kuyerekeza mayankho a makompaila osiyanasiyana, chinapeza zolakwika zoposa 325, zambiri mwa izo mu LLVM (maziko a Clang) ndi GCC. Wosankha njira imeneyi ayenera kusenza yekha udindo woyesa, mwina pogwiritsa ntchito SuperTest, mayeso a makompaila a kampani ya Solid Sands, ndipo ayese mtundu weniweniwo wa kompaila ndi maflagi (zosankha zouza kompaila mmene igwirire ntchito) omwewo amene adzamangire pulogalamu yake. Akayesa pa flagi ya -O0 (yosafulumizitsa khodi) n'kukatumiza ya -O2 (yofulumizitsa khodi), ndiye kuti wangotaya nthawi.

Makompaila ogulitsidwa monga a kampani ya IAR, okhala ndi satifiketi ya bungwe loyesa chitetezo la TÜV SÜD, amapeputsa ntchito ya mapepala pa ISO 26262, muyezo wa chitetezo cha zamagetsi za m'galimoto. Ine ndimawalemekeza, koma satifiketi siyinena kuti mulibe cholakwika. Amabweranso ndi mndandanda wa zolakwika zodziwika umene muyenera kuuwerenga.

Kompaila ya CompCert ndi yosiyana kotheratu. Xavier Leroy ndi anzake ku bungwe la kafukufuku la INRIA ku France anatsimikizira mwa masamu, pogwiritsa ntchito Coq, pulogalamu yofufuza maumboni a masamu, kuti khodi yotuluka imachita zimene khodi yolowa ikunena. Csmith itayesedwa pa iyo kwa nthawi yofanana ndi zaka pafupifupi 6 za purosesa, zolakwika zinapezeka m'zigawo zokhazo zimene panthawiyo zinali zisanatsimikiziridwe. Umboni umenewu ndi umene umandikopa kwambiri. Zofooka zilipo: siyilandira C++, liwiro la khodi yake limangoyandikira la GCC pa -O1, preprocessor, assembler ndi linker (zida zina zothandiza pomanga pulogalamu) zili kunja kwa chitsimikizocho, ndipo pa malonda muyenera kugula laisensi ku kampani ya AbsInt.

Ngati purosesa yanu ndi PowerPC, ARM kapena RISC-V ndipo khodi ndi ya C yokha, ine ndingasankhe CompCert, n'kuyesabe pulogalamu yomangidwayo pa bolodi lenileni. Ngati mukulemba C++, tengani kompaila ya satifiketi, ndipo musasinthe maflagi pakati pa ntchito.