DuckTales ya 1987 kapena ya 2017: mwana timuonetse iti?

Nyimbo yotsegulira ija ikangolira, maganizo anga amabwerera pamkeka kwa aneba, komwe tinkathithikana kuonera tepi ya vidiyo. Koma posankhira ana a lero, kukumbukira kokhako sikukwanira.

Zonse ziwiri ndi nkhani za makatuni za Disney. Yakale inayamba mu 1987 n'kutha mu 1990, ili ndi magawo 100. Yatsopano inayenda kuyambira 2017 mpaka 2021.

Kajambulidwe: yakale inajambulidwa pamanja, mitundu yake ndi yofewa m'maso. Ndimakondabe mmene Scrooge McDuck, bakha wolemera wa m'nkhaniyi, amadumphira m'mulu wa makobidi agolide ngati ali padziwe. Yatsopano mizere yake ndi yakuthwa, yotengera makomiki a Carl Barks, yemwe anayambitsa Scrooge.

Anyamata atatu amene amakhala ndi Scrooge: mu yakale Huey, Dewey ndi Louie umawasiyanitsa ndi mtundu wa zovala basi, ndipo onse ankawalankhulira munthu mmodzi, Russi Taylor. Mu yatsopano aliyense ali ndi mawu ake ndi khalidwe lake. Louie amafuna ndalama zosakhetsera thukuta. Apa yatsopano yapambana, sindibisa.

Nkhani: mu yakale magawo ambiri amathera pomwepo. Mu yatsopano amalumikizana, ndipo amayankha funso lomwe yakale inalilambalala: mayi awo, Della, anapita kuti? Malume awo Donald, amene mu yakale anapita kukalowa usilikali wapamadzi, muno amakhala nawo pakhomo.

Mtengo susiyana: zonse zili pa Disney+, malo oonerapo makanema pa intaneti, kumayiko komwe imapezeka.

Mwana wamng'ono woonera modumphadumpha, mupatseni yakale. Wokulirapo amene amatsata nkhani mpaka kumapeto, yatsopano imuyenera, ndipo kholo likhale naye pampando pofika nkhani ya Della.