Ma louvre a nyumba yosungiramo mbewu ku Ngabu: zomwe ndaona patadutsa chilimwe ndi dzinja

Nyumba yathu yosungiramo chitowe, mapira ndi thonje kuno ku Ngabu yadutsa chilimwe chonse ndi dzinja lonse chiikireni ma louvre (timalata topendekera toikidwa pa bowo kuti mphepo izilowa koma mvula isalowe) m'makoma ake, choncho ndikutha kunena zomwe ndaona ndi maso, osati zomwe wogulitsa analonjeza. Kuno kuchigwa kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo nyumba ya malata yopanda potulukira mpweya imasanduka ng'anjo. Koma bowo lomwe limalowetsa mphepo ndi lomwelonso limalowetsa mvula, ndipo thumba la chitowe likanyowa pang'ono chabe limagwira chuku.

Tinaika mitundu iwiri. Ku khoma lomwe lili pansi pa khonde tinaika achitsulo omwe anatiwotcherera mmisiri wa pamsika pompano, timalata tosalala topendekera kunja. Ku makoma awiri a pamtetete tinaika a aluminiyamu ochokera ku Blantyre, omwe kalata kalikonse kali ndi kangalande m'mphepete, kotengera madzi kumbali kwa felemu mpaka kukawatayira kunja pansi.

Pa mvula yogwa mowongoka mitundu yonseyi imagwira ntchito mofanana, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amanyengekera. Mvula ya kuno si yochuluka poyerekeza ndi ya ku Thyolo kapena ku Mulanje, koma ikabwera imabwera ndi mkuntho, madontho akuyenda cham'mbali. Pa timalata tosalala madzi amatsika kuchokera pa kalata kapamwamba kugwera pa kam'munsi, akuchulukirachulukira, ndipo akafika m'munsi mphepo imawakankhira mkati. Ndinaimapo mkati mwa nyumba mvula ya mu Januwale ikuwomba, ndipo ndinaona mizere ya madzi ikutsetsereka pa pulasitala pansi pa louvre yachitsulo ya kumapeto kwa khonde, pamene simenti ya pansi pa a aluminiyamu inali youma, kupatula timadontho touluka tomwe munthu amangotimva pa dzanja. Achitsulo omwe ali pakati pa khonde sanalowetsepo madzi, zomwe zikusonyeza kuti denga lotuluka bwino kunja limathandiza louvre yotsika mtengo kuposa momwe timaliganizira.

Amene akugula opangidwa kufakitale afunse za muyezo wa EN 13030, womwe amayesera louvre poithira madzi ofanana ndi mvula ya mamilimita 75 pa ola, mphepo ikuwomba pa liwiro la mamita 13 pa sekondi. Gulu A limatchinga madzi osachepera 99 pa 100 alionse, gulu B kuyambira 95, gulu C kuyambira 80, ndipo gulu D ndi lotsala pansi pamenepo. Kusiyana kwa 99 ndi 80 kumaoneka kochepa pa pepala, koma kukutanthauza kuti gulu C likhoza kulowetsa gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi ofika pa bowolo, ndipo palibe mwini mbewu amene angavomere zimenezo pafupi ndi matumba ake. Wogulitsa amene sangakuonetseni pepala la mayesowa, mawu ake oti katundu wake salowetsa mvula musawadalire.

Chomwe sindinakondwere nacho pa a aluminiyamu ndi mpweya. Louvre ikamatchinga mvula kwambiri imachepetsanso mphepo, ndipo malo enieni odutsa mpweya nthawi zambiri amakhala pafupifupi theka la bowo lonse, mwinanso kucheperapo. Mu Novembala mbali imeneyo inali yotentha kuposa ya kukhonde, ndipo anyamata osanja matumba ankathawira kukhondeko masana. Maganizo anga ndi akuti amene wasankha louvre yotchinga bwino mvula ayenera kukulitsa bowo nyumba ikadamangidwa, ndi kuika ina pamwamba pafupi ndi denga kuti mpweya wotentha uzituluka.

Waya wotchinga udzudzu ndi mbalame ndi wofunika, koma amatsekeka msanga ndi fumbi la mphepo ya mwera komanso ubweya wa thonje, mpaka amaoneka ngati wamatidwa. Mavu nawonso amamanga zisa zadothi m'tingalande, ndipo kangalande kotsekeka kamasefukira mkati. Tinachita bwino kuika wayayo pa felemu yomasula ndi masikuluwu, moti timamutsuka pamodzi ndi tingalandeto mvula isanayambe. Achitsulo ayamba dzimbiri mowotchereramo ndipo akufunika penti, pamene a aluminiyamu sanasinthe.

Pali chinthu chimodzi chomwe louvre ya mtundu uliwonse singathe kutchinga, ndicho madzi osefukira. Aliyense wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje akukumbukira pomwe madzi anafika pa nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Mabuku a zomangamanga amalangiza kuika mabowo olowetsa mpweya m'munsi mwa khoma, koma kuno ife tinafunsa kaye achikulire a m'dera lino pomwe madzi analekezera, ndipo louvre yotsikitsitsa tinaiika pamwamba pa mlingo umenewo, ngakhale kuti potero tinataya mbali ina ya mphepo yozizira ya pansi.