Albion Online pa foni: luso limatsala, zovala zimapita

Mnzako akakupha mu gemu ya pa intaneti, uyenera kutaya chiyani? Gemu ikakulanda zonse, ongoyamba kumene amathawa. Ikapanda kukulanda kalikonse, nkhondo imasanduka masanje. Albion Online, yopangidwa ndi Sandbox Interactive ya ku Berlin, inadula mlanduwu pakati, ndipo chifikireni pa mafoni mu 2021 ndi yoyenera kuiyesa ngakhale kwa ife a ku Chipata amene tilibe kompyuta. Kuikopera ndi kusewera n'kwaulere.

Kadulidwe kake ndi aka. Chilichonse chimene muchita, kaya kupha zilombo, kudula mitengo kapena kusula zida, chimakupatsani fame, ndipo fame imatsegula luso pa Destiny Board, ndandanda wa maluso onse a mu gemuyi. Zimenezi palibe angakulandeni. Siliva (ndalama za mu gemuyi) wa m'thumba ndi katundu amene mwasiya ku banki ya mumzinda nazonso sizikhudzidwa. Chimene chimapita ndi zonse zimene mwavala ndi kunyamula: chida, chisoti, chovala cha pachifuwa, nsapato, chikwama, chakudya, mankhwala, ngakhale hatchi imene mwakwera. Wokuphani amatola zimene zatsala, chifukwa gawo lina limaonongekeratu pomwepo. Kuonongekako musakuone ngati nkhanza. Pafupifupi zida zonse za pamsika zimapangidwa ndi osewera anzanu, ndiye zikanapanda kutha, osula ndi osoka akanasowa wogula.

Simutaya paliponse ayi. Madera ali ndi mitundu inayi. Kwabuluu palibe amene angakumenyeni. Kwachikasu angakugwetseni, koma mudzuka ndi katundu wanu yense, kungoti wafooka ndipo afunika siliva wokonzetsera. Kofiira ndi kwakuda ndiko mumasiya zonse. Nanga munthu apitirenjiko? Fame kumeneko imabwera yambiri, mabokosi ndi onona, ndipo miyala ndi zikopa za T8, mlingo wapamwamba kwambiri, simudzaziona kwabuluu kapena kwachikasu. Walira mvula walira matope.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa kavalidwe. Zida zimayambira T1 kufika T8, ndipo kuyambira T4 zimatha kuwonjezeredwa mphamvu, n'chifukwa chake mumaona manambala ngati 4.1 kapena 6.2. Chida wamba cha T4 chili ndi Item Power (muyezo wa mphamvu ya chida) 700, cha T5 chili ndi 800, kukwera ndi 100 mpaka 1100 pa T8. Nambala ya pambuyo pa kadontho nayo imawonjeza 100, kotero 4.1 imalingana ndi T5, ndipo 4.2 imalingana ndi T6. Musanagule, yerekezani mitengo ya ziwirizi pamsika, nthawi zambiri imasiyana. Wongoyamba akapeza siliva woyamba amathamangira seti imodzi yodula, n'kutuluka nayo pa portal (khomo lopita kwakuda), n'kukumana ndi gulu la anthu asanu obisala. Mphindi imodzi siikwana, ntchito ya sabata yonse yapita. Wamalonda wa pa msika wa Kapata samangirira mpamba wake wonse pa njinga imodzi. Gulani seti za 4.1 zisanu kapena kuposerapo, muziike ku banki, muzivala imodziimodzi. Ngati simungathe kugula seti kasanu, si yanu yopita nayo kwakuda.

Chachiwiri, khalani pa chida chimodzi. Luso la chida chimene mwachizolowera limawonjeza Item Power pamwamba pa ya chidacho, ndiye amene wakhalitsa pa lupanga limodzi amamenya kwambiri atavala zotchipa kuposa wosinthasintha atavala zodula. Apa ndiye pali nzeru yonse ya gemuyi: mukamakula, mtengo wa imfa yanu umatsika.

Pophunzira kumenyana ndi anthu, yambani ndi mapanga otchedwa Corrupted Dungeons pa mlingo wa Hunter, kapena madera otchedwa Mists olowera kwachikasu, kumene kugonja sikukuvulani. Mukazolowera, pitani ku mlingo wa Stalker, kumene wogonja amasiya zonse. Kofiira, yang'anani nambala ya adani imene imaoneka pafupi ndi mapu musanadutse ndi ng'ombe yodzaza katundu. Ng'ombe imanyamula zambiri koma sithamanga, ndipo njira zopita ku mzinda wa Caerleon, kumene kuli Black Market (msika umene gemu imagulako zida kwa osewera), zimadutsa kofiira.

Tsopano za kwathu kuno, zimene ndemanga za kunja sizitchula. Mdani wamkulu wa wosewera wa ku Chipata, Katete kapena Lundazi si gulu lobisala lija, ndi netiweki. Foni ikaduka muli kuthengo, munthu wanu satha nthawi yomweyo, amaima pompo kwa kanthawi ngati chitsa, ndipo aliyense wodutsa amamuvula. Gemu sifunsa ngati munagonja kapena bandulo ndiyo inatha. Malaiti akazima dera lonse n'kuthamangira pa data, kuchedwa kumakula, mumadina batani lothawira mutafa kale. Choncho onani bandulo ndi batire musanatuluke mumzinda, ndipo madzulo pamene netiweki yadzaza gwirani ntchito za kwachikasu. Ma update akuluakulu dikirani Wi-Fi. Pa maseva atatu, sankhani ya Europe, imene inatsegulidwa ku Amsterdam mu 2024: nthawi yawo imafanana ndi yathu kapena kusiyana ndi ola limodzi, ndiye nkhondo za magulu zimagwa madzulo athu. Sankhani bwino poyamba, chifukwa munthu amene mwakulitsa pa seva imodzi simusamuka naye.

Zodandaulitsa zilipo. Wa pa foni amamenyana ndi wa pa kompyuta m'bwalo limodzi, ndipo chala pa galasi sichilondola ngati mouse. Nkhondo za anthu ambirimbiri zimatenthetsa foni yaing'ono mpaka kumangojejema. Premium (umembala wolipira), imene imawonjeza fame ndi theka n'kuchepetsa msonkho wa pamsika, imapatsa wolipira liwiro looneka, ngakhale imagulikanso ndi siliva wa mu gemu momwemo. Wosewera yekha amadyedwa kawirikawiri, choncho lowani guild (gulu la osewera) msanga, makamaka imene imabwezera mamembala zida akafera pa nkhondo ya gulu. Funsani zimenezo musanalowe, si onse amene amatero.