Ndemanga: kuyesa federated learning pa kompyuta imodzi ndi Flower

Flower, imene pa pip, chida choikira mapulogalamu a Python, imadziwika ndi dzina lakuti flwr, ndi pulogalamu ya Python yophunzitsira model imodzi (pulogalamu imene imaphunzira kuchokera ku zitsanzo) ndi deta imene ili m'malo ambiri popanda kuisonkhanitsa pamodzi, njira imene imatchedwa federated learning. Ndi yaulere, ili pansi pa layisensi ya Apache 2.0, ndipo pepala loyamba lofotokoza za iyo linatuluka mu 2020, lolembedwa ndi Daniel Beutel, Taner Topal, Nicholas Lane wa ku University of Cambridge ndi anzawo. Ndemanga ino ikukhudza gawo limodzi lokha limene ndagwiritsa ntchito kwambiri, gawo la simulation, limene limayendetsa seva, imene imayang'anira maphunziro, ndi ma client onse, amene amaimira malo okhala ndi deta, pa kompyuta imodzi. Maganizo anga ndi akuti gawo limeneli ndi lodalirika poyesa ngati model ikuphunzira bwino deta ikagawidwa, koma silingauze munthu mmene ntchitoyo idzayendere ikadzafika pa makina enieni olumikizidwa ndi intaneti.

Kuyamba sikovuta. Munthu amaika flwr pamodzi ndi gawo la simulation, kenako lamulo la flwr new limamupangira polojekiti yokhala ndi ServerApp (pulogalamu ya seva), ClientApp (pulogalamu ya client) ndi fayilo ya makonzedwe ya pyproject.toml, ndipo flwr run imayendetsa zonse. Ine ndinayamba ndi PyTorch, pulogalamu yopangira ma model, ndi zithunzi za CIFAR-10, zimene zilipo 60,000 za kukula kwa 32x32, zogawidwa m'magulu 10, mwa izo 50,000 zophunzitsira ndi 10,000 zoyesera. Njira yoyamba imene ndinayendetsa ndi FedAvg, imene Brendan McMahan ndi anzake a ku Google anafotokoza mu 2016: client aliyense amaphunzitsa model pa deta yake, amatumiza manambala a model ku seva, ndipo seva imawaphatikiza mopereka mphamvu yochuluka kwa client amene ali ndi zitsanzo zambiri. Zimenezi zimabwerezedwa ndime ndi ndime.

Chimene chimachititsa kuti ma client ochuluka akwane pa kompyuta imodzi ndi Ray, imene Flower imagwiritsa ntchito pogawa ntchito. Chiwerengero cha ma client chimaikidwa pa num-supernodes, koma onsewo sayenda nthawi imodzi. Ngati kompyuta ili ndi ma core 8 ndipo client aliyense wapatsidwa 2, amayenda 4 okha pamene ena akudikira pamzere, ndipo amene wamaliza amasiyira mnzake malo. Chifukwa cha ichi, ma client 100 amatheka ngakhale pa laputopu, kungoti ndime iliyonse imatenga nthawi yaitali. Pa GPU, purosesa yapadera imene imafulumizitsa maphunziro a model, pali mfundo imene malangizo a Flower amanena momveka bwino ndipo iyenera kuwerengedwa mosamala: kupatsa client 0.25 ya GPU kumangotanthauza kuti ma client 4 aloledwa kuyenda pa GPU imodzi nthawi imodzi, koma sikuletsa aliyense wa iwo kudya memory yoposa gawo lake. Munthu ayenera kuyeza yekha kuchuluka kwa memory imene client mmodzi amafuna asanasankhe nambalayo, apo ayi ntchito imaima pakati.

Phindu lenileni ndinalipeza pa kagawidwe ka deta, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo. Pulogalamu ina yoyendera limodzi ndi Flower, flwr-datasets, ili ndi IidPartitioner, imene imagawa zithunzi mofanana, ndi DirichletPartitioner, imene imazigawa mokondera malinga ndi nambala ya alpha: alpha ikachepa, kukonderako kumakula. Deta ikagawidwa mofanana, FedAvg imayenda bwino kwambiri moti munthu akhoza kuganiza kuti nkhani yatha, pomwe m'dziko lenileni zipatala ziwiri sizilandira odwala ofanana ndipo eni mafoni awiri salemba mawu ofanana. Alpha ikatsitsidwa kufika pa 0.1, client wina amakhala ndi zithunzi za ndege ndi sitima zochuluka, wina amakhala ndi achule ndi amphaka, ndipo aliyense amakokera model kumbali yake, ngati ng'ombe zomangidwa pa goli limodzi zimene sizikuloza kumodzi. Kulondola kwa model kumayamba kukwera ndi kutsika kuchokera ndime ina kufika ina, ndipo vutoli limakula client aliyense akaphunzitsa nthawi yaitali asanatumize zotsatira. Ndinatha kuona zimenezi ndi maso anga, kenako ndinasintha njira yophatikizira n'kuika FedProx, ya Tian Li ndi anzake, imene imawonjezera chilango kwa client amene akutalikira kwambiri ku model ya seva. Kusinthako kunakhudza mizere yochepa ya ServerApp ndi kawerengedwe ka loss, muyeso wa kulakwitsa kwa model, mu ClientApp. Mayeso otere, ofunika kubwerezedwa ndi alpha zosiyanasiyana komanso seed yokhazikika (nambala imene imachititsa kuti zosankhidwa mwamwayi zibwere chimodzimodzi), sangachitike mwaufulu pa makina a mabungwe ena amene munthu amachita kupempha chilolezo kuti awagwiritse ntchito.

Mfundo ina yofunika kuidziwa msanga ndi yakuti ClientApp siikumbukira za ndime yapita. Imadzutsidwa, imagwira ntchito, kenako imatayidwa. Amene akuyesa njira zimene client amasunga gawo lina la model kwa iye yekha ayenera kulisunga mu state ya Context, malo amene Flower imasungamo zinthu za client aliyense kuchokera ndime ina kufika ina. Komanso maphunziro akale ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito start_simulation, imene inalowedwa m'malo ndi flwr run, choncho ndi bwino kutsatira malangizo ogwirizana ndi mtundu wa flwr umene munthu waika.

Zimene simulation siyesa nazo ndi zazikulu, ngakhale kuti ndi malire a kompyuta imodzi osati kulephera kwa pulogalamuyi. Mauthenga sadutsa pa netiweki yeniyeni, choncho nthawi imene ndime imatenga siisonyeza chilichonse za intaneti yochedwa, foni imene batire lake latha, kapena kompyuta ya chipatala imene yazima pakati pa maphunziro. Ma client onse ali ndi purosesa yofanana, pomwe kunja ena amathamanga ndipo ena amakwawa. Kulephera kwa ma client kungayerekezedwe mwa kulemba dala kuti ena asayankhe, koma kumeneko ndi kuyerekeza kwa wolembayo. Chinsinsi cha deta nachonso sichitsimikizika chifukwa chakuti simulation yayenda bwino, popeza ofufuza anasonyeza kuti manambala amene client amatumiza akhoza kuulula zina za deta yake. Flower ili ndi SecAgg+, imene imabisira seva manambala a client aliyense payekha, ndi zida za differential privacy, imene imasokoneza pang'ono manambalawo mwadala, koma ziyenera kuyatsidwa ndi kuyesedwa pazokha, ndipo differential privacy imatsitsako kulondola kwa model.

Pali sitepe yapakati imene ndikulimbikitsa aliyense asanapite ku makina enieni. Pa kompyuta yomweyo munthu akhoza kuyatsa SuperLink, mbali ya seva, pa terminal imodzi ndi ma SuperNode, mbali ya ma client, awiri kapena atatu pa ma terminal ena, n'kuyendetsa ServerApp ndi ClientApp zomwe zija, posintha makonzedwe okha ndi malo amene deta ikuwerengedwa. Apa ndi pamene nkhani za ma port, ma satifiketi a TLS otetezera mauthenga ndi njira zofikira ku mafayilo zimaonekera. NVIDIA FLARE, pulogalamu ina ya federated learning, nayo imasiyanitsa simulator ndi POC mode, sitepe yake yapakati, pa chifukwa chofanana. Kwa wophunzira, wofufuza, kapena gulu limene likufuna kudziwa ngati deta yake yosafanana ingaphunzitse model imodzi, ndikuivomereza Flower ndi mtima wonse. Amene akufuna kulonjeza bungwe nthawi imene maphunziro adzatenge, kapena kuchuluka kwa deta ya intaneti imene adzalipire, asatenge manambalawo ku simulation, akayeze pa makina ndi netiweki zimene zidzagwiredi ntchitoyo.