Pulasitiki, benchi kapena mkeka: agogo athu tiwakhazike pati kuno ku chigwa?

Anzanga a m'makomiti a mipingo, a banki mkhonde ngakhale a sukulu za mkombaphala, funso lanu limakhala lomwelo nthawi zonse, akuti tasonkha kandalama ndiye tigule mipando ya pulasitiki kapena tikhometse mabenchi. Ena mpaka kuimba foni usiku poti amadziwa kuti ine ndi amene ndimasunga katundu wa mpingo wathu kuno chakufupi ndi Ngabu. Ndiyankhe pano kamodzi aliyense awerenge. Zoti pulasitiki ndi yopepuka benchi ndi yolemera mukuzidziwa kale, sinditayapo nthawi.

Ine ndimayang'ana chinthu chimodzi, munthu akakhala pamenepo adzuka bwanji. Mnyamata wa zaka 20 paliponse akhala ndipo adzuka bwinobwino. Koma tapitani pabwalo la amfumu, pamaliro, ku sikelo, kapena tsiku lolandira chimanga muone amene amakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndi agogo a nyamakazi m'mawondo, amayi oyembekezera, amayi a khanda kumsana, achimwene oyendera ndodo. Mpando tiziyezera anthu amenewa.

Ndiyambe ndi pulasitiki chifukwa ndi imene inandiwawa. Komiti yathu inagula mipando yopanda poika manja pa shopu ina mu Limbe, mtengo unaoneka wabwino ndithu aliyense anakondwa. Chimene sanatiuze ndi thiransipoti. Kondakitala anawerengera mulu uliwonse wa mipando ngati munthu, kenaka kuwonjezera ya chingwe, ndiye kutsika mapiri aja mpaka pa Thabwa mipando ikugundana, pofika kuno ina inali itang'aluka kale kumsana. Titaimba foni anangoti katundu akatuluka pakhomo sabwezedwa, basi nkhani inathera pomwepo. Mukaphatikiza zonsezo mtengo uja sunalinso wotchipa ayi.

Koma ndalama si imene ikundipweteka mtima. Kuno si ku Mulanje kapena ku Dedza, Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo dzuwa limadya pulasitiki. Muona mpando ukuyamba kutuwa, mukaupukuta ndi dzanja kumatsala kaufa koyera, pamenepo dziwani kuti wauma mkati ndipo tsiku lililonse uthyoka osachenjeza. Masana kukatentha kwambiri miyendo yake imafewa n'kumatangadza munthu wathupi akakhalapo. Ndiye onjezerani dothi lathu la makande, chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, mwendo umodzi wa mpando ukalowa mmenemo kulemera konse kwa munthu kumapita mbali imodzi. Pamchenga chimodzimodzi, miyendo yakumbuyo imamira.

Pamaliro ena m'mudzi mwathu tinapatsa agogo ena aakazi mpando, mwaulemu ndithu poti pansi sakanatha kukhala. Mwambo utatha anafuna kudzuka, pogwira palibe, ndiye anatsamira kumbuyo kuti adzikankhe ndipo mwendo wa mpando unangoti phwa. Anagwera chagada, dzanja linatupa, chiuno mpaka lero amadandaula, tinachita kuwakweza kabaza kupita nawo kuchipatala anthu ali kumanda. Chondimvetsa chisoni kwambiri n'choti kuyambira tsiku limenelo agogo aja anasiya kubwera kumisonkhano, ngakhale ku tchalitchi amabwera mwa apo ndi apo, akuti akuopa kugwanso pagulu. Munthu amene ankatiuza malire a minda ya makolo, amene milandu ikavuta amfumu ankafunsa iwowo, lero amangokhala pakhonde chifukwa cha mpando. Zimenezo palibe lisiti yomwe imalemba.

Ena amati ingophatikizani iwiri iwiri ikhale yolimba. Zoona imalimba, koma ndiye kuti mipando 40 yasanduka 20, mwalipira kawiri pokhala munthu mmodzi. Komanso pokhalira pake pamapendekera kumbuyo, matako amalowa pansi mawondo n'kukwera, kwa mayi wa mimba ya miyezi 8 kudzuka pamenepo ndi ntchito yaikulu, ndipo thukuta la kuno pa pulasitiki chitenje chimamatirira.

Ndinene chilungamo, pali pamodzi pomwe pulasitiki imapambana. Madzi akabwera ngati nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 kapena namondwe Freddy mu Malichi 2023, mwana mmodzi amanyamula mipando ingapo kuthawira nayo kumtunda, pomwe benchi imafuna amuna awiri. Anzathu a ku Makhanga ndi ku Bangula mfundo imeneyi musaitaye. Ndipo ilipo ina yochindikala yokhala ndi poika manja, imeneyo mukamaisunga m'nyumba imatha zaka, koma mtengo wake ndi wina ndipo chigwereni kwacha mu Novembala 2023 zinthu zogula m'tauni zinangokwereratu.

Mkeka ndi mphasa sindingazinyoze. N'zathu, bango ndi mlaza zili pompano, oluka tili nawo m'mudzi, sizitentha, ana a mkombaphala amakhala momasuka ndipo mayi woyamwitsa amatambasula miyendo n'kugoneka mwana pambali. Vuto ndi chizolowezi chathu chija choti abambo pampando amayi pansi. Sindikulimbana ndi mwambo, koma taonani mmene agogo aakazi a zaka 70 amadzukira pamphasa, ayambe agwada, agwire pansi ndi manja onse, kenaka mdzukulu awakoke, ndipo ambiri amaleka kumwa madzi tsiku lonse kutentha konseku kuopa kudzukadzuka kupita kuseri. Pomwe mnyamata wamphamvu zake ali phee pampando. Amfumu athu ndi akuluakulu a mpingo, apa pokha tiyeni tiunikepo, ulemu wa mwambo ukhalepo koma mawondo a amayi athu nawonso tiwamvere chisoni.

Mabenchi achitsulo owotcherera ndingonena mwachidule, ndi olimba koma akakhala padzuwa ola limodzi simungakhalepo.

Tsopano benchi ya matabwa, imene ine ndimaikonda ndipo sindibisa. Kalipentala ndi wa pompano, Nchalo alipo, Ngabu alipo, Nsanje boma alipo, ikagwedera mumamuitana amabwera ndi hamala, ndalama imatsala m'dera lathu lomwe. Koma si benchi iliyonse, ambiri amakhoma kathabwa kamodzi kopapatiza, kafupi ngati ka ana a sitandade 1, kopanda chotsamira, ndiye munthu wamkulu akakhalapo maola awiri msana umachita kuyaka. Zina miyendo amaiika mkati kwambiri moti wa mbali iyi akadzuka wa mbali inayo amapendeka nayo n'kugwa. Benchi yotero siisiyana ndi pulasitiki ija.

Muuzeni kalipentala kuti kuchokera pansi kufika pokhalira pakhale masentimita 45 kapena kuposerako pang'ono kwa okalamba, chifukwa mpando ukafupika ndi pamene kudzuka kumavuta. Kuyeza kwake n'kosavuta, munthu akakhala mapazi aponde pansi onse ndipo mawondo asakwere kuposa chiuno. Pokhalira pakhale matabwa awiri, pafupifupi masentimita 40 mulifupi, m'mphepete apale pasakhale pakuthwa podula mitsempha ya kuseri kwa bondo. Chotsamira chikhalepo, chopendekera kumbuyo pang'ono chabe. Miyendo ikhale kumapeto kwenikweni ndipo pansi pake akhome thabwa lopingasa lolumikiza miyendo iwiri, limenelo ndi limene limaletsa kumira mumchenga ndi kulowa m'ming'alu ya makande. Kunsonga zonse ziwiri aike poika manja, malo amenewo ndi a agogo ndi amayi oyembekezera, munthu amadzikankha yekha osadikira womukoka. Ana a mkombaphala awakhomere zawo zazifupi, akakhala pa ya akulu miyendo imangolendewera ndipo sachedwa kutopa.

Mdani wa benchi ndi chiswe, ndipo paini ndiye chakudya chake. Bulugamu wouma bwino ndi abwinoko, miyendo muipake oyilo wakuda wotsala ku galimoto, mukamaliza msonkhano musaisiye padothi, ikwezeni pa njerwa. Thabwa laliwisi musalole, likauma ndi dzuwa la kuno limapindika misomali n'kutuluka kumang'amba zitenje za anthu.

China chomwe mpando uliwonse sungakonze ndi kayalidwe. Timathinitsa mizere mpaka munthu wa njinga ya olumala amatsala kunja kwenikweni padzuwa, akumva za msonkhano kudzera kwa ena. Siyani kanjira ka pafupifupi mita imodzi pakati, ndi malo opanda benchi kutsogolo oti njinga iime pafupi ndi anzake. Amene samva bwino ndi amene saona patali akhale kutsogolo. Abale athu achialubino apatsidwe pamthunzi weniweni pansi pa nimu, osati pamene mthunzi uchokepo ikamakwana 11 koloko.

Ndiye mukandifunsa kuti ndalama ya gulu ipite kuti, ine ndikuti mabenchi a chotsamira kwa kalipentala wa kwanu, kuwonjezera mipando ingapo ya matabwa ya poika manja ya okalamba, mikeka ikhalepo ya ana ndi aliyense wofuna yekha kukhala pansi. Pulasitiki muzichita hayala tsiku la ukwati, kapena mugule yochepa yochindikala ija ngati muli kumalo kosefukira madzi. Yopyapyala yopanda manja ija ine m'stolo ya mpingo wathu sidzalowanso. Ndipo musalipire ndalama yonse kalipentala asanakhome imodzi yoyeserera, mutenge agogo mmodzi ndi mayi mmodzi woyembekezera akakhalepo n'kudzuka okha, akavutika auzeni akweze kapena atsitse asanadule matabwa enawo.